Theka la Nkhata pa Dziwe la Ng'ombe

Ndinachoka kwathu, kuseri kwa mishoni ya Ludzi, Loweruka dzuwa lisanatuluke, m'mutu mukuwawabe lumo la amayi. Anali atandimeta dzulo lake pakhonde, uku akunena kuti palibe ofesi ingalembe ntchito munthu wa tsitsi longa chisa cha mpheta. Sindinalimbane nawo. Zaka zimenezo tsitsi lalitali linkakugwiritsa kwa ayufi a chipani pamsika, ndipo lumo lawo silinali lachifundo ngati la amayi.

Ulendowo unali wa chinthu chimodzi: chithunzi. Amalume anga, a Gabiriyele, anali atandipemphera malo a umesenjala pa ofesi ina ku boma la Mchinji. Fomu inalipo, yolembalemba kale, koma pakona pake panali kabokosi kofuna chithunzi cha nkhope. Anati fomuyo ikafike Lolemba m'mawa ili ndi chithunzi, apo ayi malowo apita kwa wina, poti ofuna anali ambiri ngati ntchentche pa mango akupsa.

Ndinene msanga za ine kuti tisatayane nthawi. Ndine Matiyasi. Sukulu ndinalekezera Fomu 2, koma osati chifukwa cha umbuli. Tsiku lina ndinajambula finye pabolodi, atavala tayi ndi mandala. Mlandu sunali kujambulako ayi. Mlandu unali wakuti finyeyo anafanana kwambiri ndi ahedi, moti aphunzitsi ena anatuluka m'kalasi atagwira pakamwa. Ahedi anandipatsa kalata yopita nayo kwathu. Kuyambira tsiku limenelo zinatha zaka ziwiri ndisanagwire pensulo. Anzanga akamabwera ku holide atavala mayunifolomu, ine ndinkawaonera m'munda wa mtedza, khasu lili m'manja, ndipo aliyense wondiuza kuti zonse ndi nthawi ndinkalakalaka kumugenda.

Amayi anandiperekeza mpaka pa mtengo wa mango wa kumapeto kwa bwalo.

"Matiyasi iwe, shati imeneyo ndi ya amalume ako ya kutchalitchi. Ikabwere yoyera mmene yapitiramo. Ndipo pojambulitsapo usakachite tsinya ngati wamwa kwinini."

"Nkhope ndi yomweyi, amayi. Ina ndilibe."

Kuchoka kwathu kukafika pamsewu wa phula ndi ola limodzi ndi theka, wapansi. Unali mwezi wa Seputembala. Anthu anali atakolola kale, ndipo monga mwa chizolowezi cha kwathu anali atamasula ng'ombe kuti zizidyera zokha mapesi m'minda, popanda woziweta. Mitengo ya mtondo ndi mombo inali itaphuka masamba atsopano, ena ofiira, ena achikasu. Izi ndikunena lero. Tsikulo sindinaone china koma fumbi lofuna shati ya amalume.

Pamsewu ndinadikira basi mpaka miyendo inatopa. M'malo mwake kunabwera kagalimoto ka matola kodzaza matumba a mtedza, mwini wake n'kuti 30 tambala. Ndinakhala pamwamba pa matumbawo manja ali m'mwamba ngati khwangwala wouma mapiko, kuopa kudetsa shati. Amayi ena amene anafumbata nkhuku anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Achimwene, mukukakwatira?"

"Ndikukajambulitsa."

"Kwa a Sinapu? Mulungu akuthandizeni mukawapeze mutu uli m'malo mwake."

Onse anaseka, kupatula mkulu wina wa chipewa cha mlaza amene anati, "Munthu uja si wamisala. Anangokhalitsa ku Zambia." Ine sindinafunse zambiri. Kwa ine wojambula anali munthu wa chala chimodzi chodinira batani, basi.

Tinafika pa boma cha m'ma 9 koloko. Pachipata cha msika ayufi awiri anandiimitsa kufuna khadi ya chipani. Ndinaionetsa, iwo n'kuyang'ana mutu wanga wometawo ngati akhumudwa kuti amayi awalanda ntchito. Mathiraki opita kumalire anali atandanda m'mbali mwa msewu, madalaivala akudya chimanga chootcha pamithunzi ya matayala. Situdiyo ya a Sinapu inali kachipinda kuseri kwa msika, pakati pa telala ndi wokonza mawailesi. Pakhonde pake panali amayi onenepa akukazinga zitumbuwa.

"Odi, mayi. A Sinapu alipo?"

"Kamera kulibe, mwini wake kulibe. Kwatsala ine ndi zitumbuwa. Zingati?"

Amenewa anali a Nabanda, akazi awo a Sinapu. Nditawafotokozera za fomu ndi Lolemba, anapukusa mutu. Anati amuna awo apita ku Guilleme kukajambula ukwati. Filimu inalipo imodzi yokha, ya zithunzi 12, ndipo zatsopano zinkayembekezeka kuchokera ku Lilongwe Lachinayi. A ukwati anali atapangana zithunzi 11.

"Ndiye kuti chitsala chimodzi," ndinatero. "Ndiwatsatira komweko."

A Nabanda anaseka mpaka chipande chinagwera m'mafuta.

"Mwananga, ndiwe mlendo eti? Chithunzi chomaliza pa filimu iliyonse sagulitsa. Anakaniza akuluakulu a mayunifolomu awo, anandikaniza ine tsiku la ubatizo wa mdzukulu wathu. Chimenecho ndi cha misala yawo. Talowa uone."

Pakhoma la kutsogolo panali zithunzi zimene mumazidziwa: anyamata atatsamira wailesi, makanda olira, atsikana atagwira maluwa apulasitiki. Koma kuseri kwa katani kunali khoma lina, ndipo pa zithunzi za pamenepo panalibe munthu ngakhale mmodzi. Pa china panali chulu chokulungidwa ndi mzere wa makoko a mtedza kuyambira pansi mpaka pansonga, ngati nsato yogona. Pa china panali miyala ya kumtsinje yosanjikizana mozondoka, yaing'ono pansi, yaikulu pamwamba, itaima ngati chidakwa chimene chalumbira kuti sichigwa. Pa chinanso panali nthenga za nkhanga zobayidwa pa tchire lakupsa, mzere wake ukulunjika kuphiri mpaka kuzimirira.

Ndinafuna kuseka koma kuseka sikunabwere. Ndinazindikira kuti chala changa chikutsatira mzere wa makoko aja pa ntchafu yanga. Ndinachibisa m'thumba.

"Amagulitsa zimenezi?"

"Agule ndani?"

"Nanga zinthu zakezo zili kuti?"

"Mbuzi zinadya, mvula inakokolola, moto unatentha. Iwo akangojambula amanyamuka osacheuka. Zaka makumi awiri ndikuphikira munthu wosewera ndi masamba."

Ananena ngati akudandaula, koma zithunzizo zinalibe fumbi ndi pang'ono pomwe, ndipo ndikudziwa amene ankazipukuta. Kenaka anandipatsa jekete ya pasitudiyo imene amavala aliyense wojambulitsa, tayi ya lasitiki, nsalu yoyera yotchinga kumbuyo, ndi kambale ka mbatata ndi zitumbuwa kokulunga pa mpango.

"Kayese mwayi wako. Akakujambula lero, atsuka mawa, Lolemba m'mawa udzatenga. Koma uyambe wawapatsa chakudyachi. Ali ndi njala amakana ngakhale moni."

Basi ya ku Lilongwe inanyamuka 11 koloko, 40 tambala mpaka pa mphambano ya ku Guilleme. Poti manja anali odzaza, jekete ija ndinaivala, dzuwa lili phwee. Inali ya munthu wamkulu kawiri kuposa ine.

"Mpatseni malo bwana uyo!" anafuula kondakitala. "Bwana, galimoto yanu yafera pati?"

Ndinakhala pafupi ndi amayi ena a nkhope yowonda koma chiuno chodzaza mpando wonse. Basi ikadumpha, pansi pa chitenje chawo pankasuzumira zitenje zina zatsopano za ku Zambia, zokulunga thupi lonse. Anaona kuti ndaona. Anandipatsa nthochi ziwiri osanena kanthu, ine n'kudya osanenanso kanthu. Tinamvana.

Pa mphambano ndinapeza ngolo yopita cha kumishoni, ndipo mwini wake, a Sandalamu, anandikweza ulere. Atamva amene ndikufuna, anamwetulira n'kukwapula ng'ombe mwaulesi.

"Poyamba tinkati ndi mfiti. Munthu udzuke m'mawa upeze miyala yaima mozondoka kudimba kwako, ungaganize chiyani? Tinakanena kwa abambo kumishoni. Abambo anabwera ndi madzi odalitsa, anayang'ana, anayang'ananso, mapeto ake anapempha chithunzi chake n'kukachikhoma m'chipinda chawo chodyera. Basi, ife tinangoti aliyense ali ndi mowa wake."

Ku Guilleme ndinapeza ukwati utatuluka kale m'tchalitchi. Anthu anali pansi pa mitengo, nthungululu zili pakamwa, ufa uli m'mitu. Azakhali a mkwati anandipatsa chikho cha thobwa, ndipo nditangotchula a Sinapu anaomba m'manja mokwiya.

"Nkhalamba yokanika ija! Ndaipempha kuti indijambule ndi nduwira yanga yatsopanoyi, yati filimu yatha. Yatha bwanji ine ndikuona nambala pa kamera? Tsatani njira ya ng'ombe iyo mpaka kumtsinje, muipeza ikutola zinyalala."

Ndinafika kumtsinje dzuwa litangopendeka pang'ono. Mtsinjewo unali utauma, mchenga wokhawokha, kupatula dziwe limodzi pansi pa mkuyu, lozunguliridwa ndi mapondedwe a ziboda. Kamera inali itapachikidwa pa nthambi m'chikwama chake chachikopa, njinga itatsamira tsinde. M'mphepete mwa dziwemo munali kamunthu kakafupi, ka imvi, buluku litapindidwa mpaka m'mawondo, kakulimbana ndi chinthu chimene sindinachionepo chibadwire. Inali nkhata, yonga imene amayi amasenzera mtsuko, koma yolukidwa ndi bango ndi udzu, yaitali kuposa munthu. Mbali ina anali ataimata masamba ofiira, tsamba lililonse lobayidwa ndi munga wa mthethe. Ankafuna kuiimika chilili pamatope. Ndikuyang'ana choncho, kamphepo kanaomba, nkhata n'kugona chagada.

"Zikomo, bambo. Mayi atumiza chakudya."

Anadya ali chiimire, maso ali pa nkhata. Atameza chitumbuwa chachitatu ndinafotokoza nkhani yanga yonse: amalume, fomu, Lolemba.

"Ubwere Lachinayi," anatero.

"Lachinayi malo adzakhala atapita."

"Manje ine nditani? Chatsala chimodzi, ndipo chili ndi mwini wake." Analoza nkhata. Mawu akuti manje anabwera nawo ku Chipata, kumene anaphunzira kujambula, ndipo ankawaika paliponse ngati mchere.

"Bambo, mukundiuza kuti udzu uwu ukuposa ntchito ya munthu?"

"Sindinatero. Ndati chili ndi mwini wake. Mphwanga, uli ndi manja awiri ndipo ukungowagwiritsa polankhula. Ukuona mthunzi wa mkuyuwo? Ukangofika pa mwala uwo, ng'ombe za midzi itatu zitsika kudzamwa. Palibe wozikusa mwezi uno, palibe woziletsa. Gwira uko."

Ndinavula jekete n'kugwira. Sindinagwire chifukwa cha chifundo. Ndinkati mwina akaona thukuta langa asintha maganizo. Tinaimika nkhata, tinaitchinjiriza ndi miyala, inagwa. Tinaiimikanso, tinaichirikiza ndi mphanda kumbuyo, iwo anati mphandayo ikuoneka, ichoke. Itachoka, inagwa. Kachitatu tinakumba dzenje m'matope, tinaikwirira m'munsi, n'kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono ngati tikuchoka pa mwana wogona. Inaima. Inaima ndithu mpaka a Sinapu anatambasula dzanja kufuna kamera. Pamenepo kamvuluvulu anatsika ndi mtsinje, nkhata inapotoka, inathyoka pakati, theka lake n'kundigwera ine. Ndinakhala pansi m'matope, thapsa!

Nditadzuka, shati ya amalume ya kutchalitchi inali ngati chikopa cha mbidzi.

Zimene ndinalankhula pamenepo sindilemba zonse. Ndinatukwana bango, ndinatukwana mphepo, ndinatukwana finye ndi ahedi ake. Ndinawauza a Sinapu kuti munthu wa imvi ngati iwo amayenera kukhala pakhomo n'kumasema mipini. Iwo anangokhala pamchenga, akuyang'ana masamba awo akuyandama padziwe. Kwa nthawi yoyamba anaoneka okalamba.

Ndinapita m'mphepete mwa madzi kukasamba m'manja. Theka lina la nkhata linali litatsala chiimire, nsonga imodzi ili m'matope, inayo ikulendewera pamwamba pa madzi. Madzi atadekha ndinaona theka lomwelo lili m'dziwe, mozondoka, likufuna kukumana ndi linzake. Ndinanjuta. Ndinasendera kumanzere, ndinatsitsa mutu mpaka chibwano chinatsala pang'ono kukhudza madzi.

"Bambo, inu mukuvutikiranji ndi nkhata yonse?"

"Wati chiyani?"

"Yonse siingaime, ndi yolemera kumutu. Zikani theka lokhali, nsonga zonse ziwiri m'madzi. Theka linalo amaliza ndi madzi. Tabwerani muone, musangokhala apo."

Anabwera, anagwada pambali panga, anayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anandimenya pamsana ndi dzanja lamatope, pamalo pokha pamene shati inali ikadali yoyera.

"Zaka zonsezi ndakhala ndikulimbana ndi madzi, osadziwa kuti ndingawalembe ganyu! Iwe, unali kuti? Thamanga, luzi lili pa njinga!"

Kuyambira pamenepo sindikudziwa mmene nthawi inayendera. Tinalowa m'dziwe mpaka m'mawondo, tinazika nsonga zonse ziwiri, tinazimanga ndi luzi ku zikhomo zobisika pansi pa madzi. Theka lija linaima nji, ngati khomo la nyumba yopanda makoma. Masamba ambiri anali atayoyoka, ndiye ndinathamangira kumtunda kukathyola ena. Mitengo yonga ija ndinaidutsa m'mawa osaiona, tsopano ndinkaisankha ngati msika: uwu wofiira ngati magazi, uwu ngati dothi la katondo, uwu ngati papaya wakupsa, uwu wachikasu. Ndinadzaza jekete ya pasitudiyo ndi masamba n'kuisenza ngati thumba.

A Sinapu ankabaya masamba mmene awagwirira. Zinandinyansa.

"Ayi, bambo, mukusakaniza ngati ndiwo. Ofiira kwambiri ayambe m'munsi, azipita akuyera mpaka achikasu pamwamba. Mukatero m'madzimo ziyenda mobwerera, ndipo pokumana sipaoneka."

"Tamuonani mwana uyu! Wabwera ndi mbatata, manje akulamula."

"Komanso filimu yanu ndi yakuda ndi yoyera. Mitundu yonseyi mukuvutikira ndani?"

"Maso anga si filimu, mphwanga. Ndimayamba ndadya ine, kamera imadya makombo." Anabaya tsamba lina n'kundiyang'ana cham'mbali. "Koma wadziwa bwanji kuti chofiira chimatuluka chakuda? Umajambula iwe."

"Ndinasiya."

"Unasiya kapena anakusiyitsa?"

Ndinawauza za finye. Anaseka mpaka anakhala pansi m'madzi, ndipo ine, amene ndinali ndisanasekepo za nkhani imeneyo, ndinapezeka ndikuseka nawo, minga ili pakamwa, zala zikutuluka magazi. Anandiuza kuti ndimujambule finyeyo pamchenga. Ndinakana. Sanakakamize.

Tsamba lomaliza titabaya, tinatuluka m'madzi mwakachetechete n'kukagwada kutsidya. Mthunzi wa mkuyu unali utatsala chikhato chimodzi kuti ukhudze mwala uja. Madzi ankanjenjemerabe ndi mapazi athu. Tinadikira. Pang'ono ndi pang'ono anadekha, ndipo nkhata inatsekeka: yathunthu, yozungulira, theka m'mwamba, theka m'madzi, ikuyaka ngati moto wopanda utsi. Pakati pake panali phiri lakutali ndi linzake lozondoka. Ndaonapo zinthu zokongola, koma chimenechi chinali ndi zala zanga.

Chapatali kunamveka ng'ombe kulira.

A Sinapu anadzuka, anatenga nsalu yoyera ija, n'kuimanga msangamsanga pakati pa mitengo iwiri. Anakutumula jekete, masamba n'kugwa.

"Vala. Tayi ibisa matopewo. Ima apo."

"Mukutani?"

"Ndikukujambula. Zaka makumi awiri sindinapatsepo munthu chomaliza, koma lero wachigwirira ntchito. Fulumira, dzuwa lili bwino."

"Nanga nkhata?"

"Taiona ndi maso. Zakwana."

"Ndiime patsogolo pake, mutijambule tonse."

"Sizitheka. Kuti nkhata ikwane ndiyenera kuima kutali, mutu wako utuluka ngati nyemba, a kuofesi akakubweza. Ndikayandikira kuti nkhope ioneke, nkhata ilibe malo. Ndi chimodzi, mphwanga. Dzutsa chibwano."

Ndinavala jekete. Ndinakoka tayi ya lasitiki. Ndinaima patsogolo pa nsalu, manja m'mbali, monga aimira anthu onse ofuna ntchito. A Sinapu anakoleka kamera pakhosi n'kuweramira, poti inali ya mtundu uja woyang'anira pamwamba ngati ukusuzumira m'chitsime. Kumbuyo kwawo ndinkaona nkhata. Kumbuyo kwa nkhata, pamtunda, fumbi linali litayamba kukwera, ndipo nyanga zoyamba zinatulukira pa tchire.

Ndinaganiza za amalume, amene anavula chipewa pamaso pa anthu kundipemphera malowo. Ndinaganiza za amayi ndi lumo lawo. Ndinadziona ndili pa njinga ya ofesi, ndikunyamula makalata a anzanga a m'kalasi aja. Zonsezo zinali zoona, ndipo ntchitoyo ndinkaifuna. Koma nkhope yangayi ikanakhalapo Lachinayi, ndi Lachinayi linalo. Chinthu chokhacho chimene ndinapanga m'zaka ziwiri chinali ndi mphindi zosakwana zitatu.

"Usagwedezeke," anatero a Sinapu. "Wani, thuu..."

Ndinatchinga galasi la kamera ndi dzanja.

"Tembenukani, bambo. Jambulani icho."

"Ntchito yako?"

"Ndati jambulani icho! Mukuchedwa, ng'ombe izo!"

Anandiyang'ana kamodzi. Kenaka anavula lamba wa kamera n'kundikoleka ine pakhosi.

"Waiona ndiwe. Dina wekha. Gwada apa, yang'ana m'katimu, ukaona kuti yakwana usapume."

Ndinagwada pamatope ndi jekete ya eni. M'kagalasimo nkhata inali yaing'ono ngati mphete, yowala. Kamphepo kanadutsa, theka la m'madzi n'kusweka. Ng'ombe yotsogola, yofiira ya nyanga imodzi yopindika, inali itatsika kale pamchenga, ikubwera mosafulumira ngati mwini dziwe. A Sinapu ankanong'ona, "Dikira... dikira... manje dikira..." Mphepo inaleka. Madzi anagona. Nkhata inatsekeka. Ndinadina.

Kamera inangoti tcha, kaphokoso kochepa ngati kuthyola kachitsotso. Sindinakhulupirire kuti ntchito yanga ya umesenjala yathera pa kaphokoso kameneko.

Ng'ombe ija inaviika mlomo m'madzi, theka la m'munsi n'kutha pomwepo. Zinzake zinafika, makumi angapo, zikukankhana. Ina inanunkhiza nkhata yathu, inalawa masamba achikasu, inaona kuti ndi abwino. Ina inadzikanda nayo m'nthiti. Bango linalira, khomo lija linagwada, ndipo kamwana ka ng'ombe kanachoka katakoleka chidutswa pakhosi ngati mkwatibwi. Ndinkayembekeza kuti ndipsa mtima, poti kupsa mtima ndiye luso langa. M'malo mwake ndinaseka mpaka misozi, a Sinapu akuombera m'manja ng'ombezo ngati alendo olemekezeka amene afika pa nthawi yake.

Pobwerera anandikweza pa keliyala ya njinga yawo mpaka pamsewu wa phula. Njira yonse ankalankhula za zimene sanapangebe: mzere wa zitsononkho woyandama pamtsinje, mpira wa ulusi wa kangaude. Ine ndinkawatsutsa chilichonse, iwo n'kumakondwa. Pa mphambano anaimitsa thiraki ya mnzawo wina imene inkapita kumalire, n'kumuuza kuti anditsitse pa njira ya ku Ludzi.

"Lachinayi ubwere," anatero ndikukwera. "Choyamba pa filimu yatsopano ndi nkhope yako, ukafunire ntchito kwina. Chomaliza tikaganizira limodzi. Ubwere ndi mutu umenewo, shati usiye."

Ndinafika kwathu dzuwa likulowa. Amayi anali pabwalo akupeta mtedza. Anayang'ana shati, lichero linaima m'malere.

"Mayo ine! Wagwa m'chitsime? Nanga chithunzi?"

"Chituluka mawa, amayi. Koma ine mulibemo."

Ndinayesa kufotokoza ndi pakamwa, sizinamveke. Ndiye ndinatola kamtengo n'kujambula pansi, pabwalo pomwepo: mzere wa madzi, theka pamwamba, theka pansi, phiri pakati, ndi ng'ombe ya nyanga yopindika ikubwera cha kumbali. Dzanja linayenda lokha ngati silinapumepo. Amayi anayang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye Lolemba ukapereka chimenechi ku ofesi?"

Analowa m'nyumba ndi lichero lawo.

Malo aja anapita kwa wina. Amalume anatha miyezi itatu osandiyankha moni, ndipo anali ndi chifukwa. Sindikuuza munthu kuti ataye ntchito chifukwa cha masamba; njala siidya zokongola. Chimene ndinatola pa ulendowo n'chochepa: ahedi anandichotsa sukulu, koma pensulo ndinadzilanda ndekha, ndipo zaka ziwiri ndinkadutsa pakati pa utoto wa dziko lonse ndikuyang'ana fumbi. Chithunzi chija chilipo mpaka lero, chakuda ndi choyera, ndipo aliyense wochiona amafunsa kuti nkhata yaikulu choncho tinaiimika bwanji pamadzi.

M'mawa mwake, Lamulungu, ndinadzuka ndi phokoso la tsache. Amayi anasesa bwalo lonse monga mwa masiku onse, kuyambira pakhonde mpaka pa mtengo wa mango. Koma pamene panali nkhata yanga anapalambalala.